Tao Fugen ndi Chikhadabo Chachisanu

Tao Fugen wa kwathu ku Lumu anakhala zaka makumi asanu akuwomba mikanjo ya silika ya kunyumba yachifumu, koma sanaonepo ngakhale tsiku limodzi munthu atavala chimene manja ake anapanga. Nsalu ikatha ankaikulunga m'chinsalu chachikasu, n'kuikhomera m'bokosi, bwato n'kuitenga kupita nayo ku Beijing, nkhani n'kuthera pomwepo. Iyeyo ankatsala ndi msana wophwanya ndi maso otuluka misozi. Ife oyandikana naye nyumba tinkamuseka kuti amaphikira anthu amene sadzamuitana n'komwe kudzadya nawo. Iye ankangotiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti, "Inu mungadziwe chiyani, anthu a m'matope?" Sitinkakana, pakuti tinkalimadi mpunga.

Luso analitenga kwa bambo ake, amenenso analitenga kwa bambo awo. Kuwomba kwa ku Lumu si kuja koponya ulusi umodzi kuchoka mbali ino kukafika mbali inayo. Mtundu uliwonse uli ndi kabwato kake, kansungwi kakang'ono kosongoka uku ndi uku, ndipo kamayenda pokhapo pamene mtundu wake ukufunika, n'kubwerera. Diso limodzi la chinjoka limafuna timabwato tinayi. Munthu amatha kukhala pachowombera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kudzuka atawomba malo osaposa chala chimodzi. Fugen ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ankanena zimenezi ngakhale mkazi wake Yindi akamufunsa za denga lodontha.

Chimene chinkatitopetsa kwambiri n'chakuti munthuyu ankakhulupirira chilichonse chimene ankawomba. Ukangolakwitsa n'kumufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, tiyi wako ankazizira. Ankayambira kumpendero. Kumeneko ndiye nyanja, mafunde ake mizeremizere ya mitundu isanu. M'mafundemo mumatuluka phiri, ndiye dziko limenelo. Pamwamba pake mitambo, m'mitambomo mileme yofiira yobweretsa mwayi, ndipo pakati pa zonsezo zinjoka zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi zitatu zimaoneka, chachisanu ndi chinayi chimabisala kunsi kwa nsalu yopindira pamimba, pomwe palibe amene amaona. Munthu akavala mkanjowo, mutu wake umatulukira pamwamba pa mitambo, ndiye kuti wanyamula dziko lonse pathupi pake. Chinjoka cha mfumu ndi a magazi ake chili ndi zikhadabo zisanu phazi lililonse, cha nduna zinayi basi. "Munthu wovala zimenezi sanganame," ankatero Fugen. "Amuona ndi mafunde omwe." Ife tinkangovomera kuti timasuke tizipita.

Kenako ku Lumu kunabwera utoto. Owomba ena anazindikira kuti oyang'anira nsalu za mfumu amayang'ana ali chiimire, manja ali kumbuyo. Ndiye anayamba kuwomba malo aakulu ndi ulusi umodzi, mamba a chinjoka ndi mizere ya mitambo n'kumangojambula pamwamba ndi kaburashi. Mkanjo wa zaka ziwiri unayamba kutha miyezi isanu ndi iwiri. Fugen zimenezi zinamunyansa mpaka m'mafupa. Akamadutsa pakhomo pa munthu wa utoto ankalavula malovu, osati mobisa ayi, koma mwadala kuti mwini nyumba amve. Anthu anamupatsa dzina lakuti Tao Wopanda Utoto, ena pomulemekeza, ena pomunyoza, ndipo iye ankayankha onsewo mofanana.

M'chiuno mwake munkalendewera kathabwa kachilolezo kokhala ndi chidindo chootcha ndi moto. Munthu wopanda kathabwa kotere sangalandire silika wa mfumu, ndipo kamachoka kwa bambo kupita kwa mwana pokhapokha bamboyo atakapereka ndi dzanja lake. Apa ndi pamene panali nkhani m'nyumba ya a Tao. Fugen anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu, maso atachita ng'ala. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi amene ankakhala pachowombera, m'chipinda chakumbuyo momwe mumalowa dzuwa, anali mwana wake Ashui. Bamboyo ankangolowamo madzulo kudzayendetsa zala pansalu. Koma nsalu zinkapitabe m'dzina la Fugen, kathabwa kali m'chiuno mwa Fugen. Analumbira kuti adzakapereka kwa munthu amene sanagwirepo kaburashi, ndipo ankamukayikira Ashui chifukwa mnyamatayo ankamwa tiyi ndi anyamata a utoto.

Ashui anali bambo wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, wa mkazi ndi ana awiri, koma m'mudzi monse ankangotchedwa mwana wa a Tao.

"Kodi bambo a Ashui," Yindi ankafunsa pafupifupi chakudya chilichonse, "kathabwako mukufuna tidzakuikeni nako m'manda? Mukakawombera ndani kumeneko?"

"Ndimuone kaye."

"Mumuone ndi maso ake ati?"

Fugen ankangopitiriza kudya phala lake la mpunga ngati sanamve.

Chaka chimenecho, mvula ya mwezi wachisanu itayamba, nyengo ija zovala zimachita nkhungu zili m'bokosi, kunabwera uthenga wochokera kubanja la a Pang ku Suzhou. Bwana Pang anali nduna yaikulu ku likulu zaka makumi anayi, ndipo atakalamba anabwerera kwawo kudzaweta nsomba zofiira m'dziwe la m'munda mwake. Tsopano anali kayakaya. Mwana wake ankafuna kuonana ndi Tao Wopanda Utoto, osati wina aliyense. Fugen anavala malaya ake oyendera, n'kukwera bwato ali wonyada ngati waitanidwa ndi mfumu yomwe.

Pang wamng'ono anamulandirira m'chipinda cham'kati, zitseko zonse zotseka. Anali munthu wonenepa wa zikhadabo zazitali, ndipo ankatafuna nthanga za mavwende, makoko n'kumalavulira pansi pomwe Fugen anaima. Mpando sanamupatse.

"Madala, ndinu aja amati simukhudza utoto?"

"Ndine ndemwe, bwana."

"Chabwino. Tsekulani bokosilo."

Fugen atangotukula chivundikiro, fungo linamuwomba kumaso mpaka anabwerera m'mbuyo. Mikanjo yotere sichapidwa, aliyense amadziwa, chifukwa madzi amawononga ulusi wagolide ndipo mitundu imasakanikirana. Amangoipukuta fumbi n'kuithira mankhwala othamangitsa njenjete. Fugen ankadziwa zimenezo kuyambira ali mwana, koma anali asanaganizepo kuti zimatanthauza chiyani pakapita zaka makumi atatu. Fungo la mankhwalawo linali pamwamba, kunsi kwake kuli fungo la munthu.

Anautambasula mkanjowo patebulo, wobiriwira ngati thambo, n'kuyandikitsa nkhope. Zala zake zinayenda kuchoka m'mafunde kukwera phiri, n'kukaima pa mleme wina pafupi ndi bondo lakumanzere. Phiko limodzi la mlemewo linali lalifupi pang'ono. Ankakumbukira bwino tsiku limene anawomba phikolo. Anthu anabwera kudzamuitana kuti Yindi wayamba kumva zowawa za pobereka, ndipo pothamanga anabweza kabwato msanga. Mwana amene anabadwa tsikulo ndi Ashui. Unali mkanjo wake, woyamba mwa yonse kubwerera m'manja mwake.

"Uwu ndinawomba ndine, bwana," anatero Fugen.

"Eti? Ndiye bwino, muudziwa." Pang wamng'ono analavula khoko lina. "Mfumu inapatsa bambo chaka chimene anakonza milambala ya mtsinje. Tembenuzani muone."

Fugen anautembenuza, ndipo chimwemwe chake chinathera pomwepo. Khosi lake linali lakuda ndi lolimba ngati chikopa, thukuta la zaka zonsezo litaumirirana. Kumsana, kuyambira pakhosi kutsika mpaka m'chiuno, kunali mzere wonenepa wa mafuta a tsitsi, utadutsa pankhope penipeni pa chinjoka chimene iye anachiwomba miyezi itatu. Pachifuwa panali madontho a fodya wa pamphuno ndi msuzi. M'misoko ya m'khwapa munali timazira ta nsabwe, toyera, tondondozana. Ndipo kumpendero, kunyanja kuja, kunali banga lachikasu lofalikira, chifukwa mkuluyo ankaumirira kuvala mkanjo wake chaka chatsopano chilichonse ngakhale atasiya kale kudzigwira. Mafunde a Fugen anali atalandira madzi ena. Amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma nyerere zikanakhala bwino.

Fugen anameza malovu kuti asasanze pa tebulo la eni ake. Kuchipinda china kunamveka nkhalamba ikukhosomola kwa nthawi yaitali, kenako kukhakha, kenako mawu a mkazi akuitanitsa mbale yolavulira. Ameneyo ndiye anali munthu amene mutu wake unkatulukira pamwamba pa mitambo.

Koma chimene chinamupweteka koposa litsirolo ndi mapazi a zinjoka. Lamulo limati mfumu ikapatsa nduna mkanjo wa zikhadabo zisanu, ndunayo iyambe yachotsa chikhadabo chimodzi phazi lililonse isanavale. Telala wina wa ku Beijing anachita zimenezo, ndipo anachita ngati akuzula udzu. Anasolola ulusi ndi singano yaikulu, mabowo ake n'kuwatseka ndi ulusi wobiriwira wosafanana n'komwe ndi wa mkanjowo. Phazi lililonse linali ndi chigamba chake chotupa.

"Mwaona," anatero Pang wamng'ono. "Bambo agwirira ntchito mfumu moyo wawo wonse. Uko akupitako akafike ngati kalaliki? Tikufuna tiwaike atavala umenewu, ndipo zikhadabozo mubwezeretse. Zisanu zisanu."

"Bwana, chikhadabo chachisanu chimadula khosi."

"Khosi la ndani? Tikakhoma bokosi, mukuganiza kuti mfumu idzatuma munthu kudzafukula kuti awerenge zala?" Anaseka mpaka mimba inagwedezeka. "Ine ndikanangoitana mmodzi wa anyamata a utoto aja, tsiku limodzi athana nazo. Koma mayi akukana. Akuti mizimu imadziwa chojambula, ndiye bambo akachita manyazi pachipata. Akufuna chowomba, chochokera m'manja mwa Tao. Nanga tizitsutsana ndi mayi?"

Ena amati Fugen anavomera chifukwa choopa a Pang. Ine ndikukana, ndinamudziwa munthuyo. Anavomera chifukwa sakanatha kugona akudziwa kuti zinjoka zake zapita m'nthaka zili zolumala. Lamulo la zikhadabo limene anatiphunzitsa zaka zonsezo mpaka makutu kutiwawa, analiiwala nthawi yochepa kuposa yomwera kapu ya tiyi.

"Zinjoka zisanu ndi zinayi, mapazi anayi chilichonse," anatero. "Ndipatseni miyezi iwiri."

"Sing'anga wawapatsa masiku khumi bambowo. Inu mukufuna kuposa sing'anga?"

Fugen atafika nalo kunyumba bokosilo, Yindi anatuluka kukhitchini atagwira mphuno.

"Chafera m'menemo n'chiyani?"

"Khala chete, mkazi iwe. Ndi mkanjo wa nduna."

"Ndunayo muli nayo momwemo?"

Kuuyanika panja sakanatha, poopa maso a ife oyandikana nawo, ngakhale kunena zoona mphuno zathu zinali zitamva kale. Fugen anakhala nawo pawindo n'kuyamba yekha. Anasolola chigamba choyamba, n'kuyamba kulowetsa ulusi woyera ndi singano, akuyendera zala chifukwa maso ankangoona chifunga. Masiku atatu anathera pa chikhadabo chimodzi. Atamaliza anaitana Ashui kuti aone. Ashui anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Nena, iwe."

"Chaloza kumbuyo, bambo."

Fugen anaika singano pansi. Manyazi anamugwira kwambiri moti khosi lonse linafiira.

"Ndipatseni ine," anatero Ashui motsitsa mawu. "Masiku atsala asanu ndi awiri."

Mkuluyo anaukankhira mkanjowo kwa mwana wake. "Tenga. Ukazitha zimenezi, zonse, kathabwa n'kako. Ndanena pamaso pa mayi ako."

Ashui analowa nawo m'chipinda chakumbuyo n'kutseka chitseko, akuti poopa anthu odutsa. Chakudya mkazi wake ankamusiyira pakhomo. Fugen anakhala masiku amenewo akuzungulirazungulira pabwalo, ndipo kwa nthawi yoyamba tinamumva akutamanda mwana wake. Anandiimitsa ine pamlatho n'kundiuza kuti Ashui ali ndi manja achangu kuposa agogo ake. Sananene kuti achangu pa chiyani, inenso sindinafunse.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri Ashui anatuluka maso ali psuu, n'kuyala mkanjowo patebulo. Fugen anawerama. Anaona timadontho toyera kumapeto kwa phazi lililonse, ndipo zala zake zinapeza kuti zigamba zotupa zija zachoka, pasalala, ulusi wagona bwinobwino. Anayenda phazi ndi phazi, chinjoka ndi chinjoka, milomo ikuwerenga. Atamaliza misozi inali ikutsika m'masaya, ndipo sanaibise. Anatuma Yindi kukagula nyama ya nkhumba ndi botolo la mowa wa mpunga. Iye anamasula kathabwa m'chiuno n'kukaika patebulo pambali pa mkanjowo.

Yindi atabwerako anapeza mwamuna wake akupukuta milomo ndi dzanja, ndipo anadziwa chimene akufuna kuchita. Owomba a ku Lumu ali ndi mwambo wawo. Nsalu isanatuluke m'nyumba, mwini kathabwa amanyambita pamene wowomba wamalizira, kuti tiubweya ta silika tigone. Akatero ndiye kuti wavomereza kuti nsaluyo ndi ya m'nyumba mwake. Pa nsalu yatsopano palibe chovuta. Koma uwu sunali watsopano.

"Bambo a Ashui, musatero chonde," anatero Yindi. "Mwaona nokha zimene zili pamenepo. Tidya bwanji nyamayi?"

"Zisiyeni, bambo," anatero Ashui mofulumira. "Ndachita kale ineyo."

"Wachita iweyo? Kathabwa wakatenga kale? Wamalizira pati?"

Fugen anakokera mkanjowo kwa iye.

"Basi, ndisankha ndekha. Mwana wanga wagwira ntchito ya mmisiri, ndiye ine ndinyansidwe ndi thukuta la nkhalamba?"

Anatukula nsalu yopindira pamimba ija, pomwe pamabisala chinjoka chachisanu ndi chinayi. Malo amenewo ndi amene amagona pathupi penipeni, ndipo fungo lake linali loposa pena paliponse. Yindi anayang'ana kumbali. Fugen anatseka maso, n'kuika lilime pa chikhadabo chachisanu.

Choyamba anamva mchere ndi kuwawasa kwa thupi la Bwana Pang. Zimenezo anali atazikonzekera. Koma kunsi kwake kunali kukoma kwina, kwa nsomba yowola pang'ono, ndi kaufa kokanirira m'mano. Silika alibe kukoma kulikonse. Uyu anali guluu wa nsomba wosakaniza ndi ufa wa zigoba za nkhono, zimene anyamata a utoto amapangira mtundu woyera. Fugen anaweramuka pang'onopang'ono. Kunsonga kwa lilime lake kunali koyera.

Asananene kanthu, pakhomo panamveka phokoso la onyamula machila. Pang wamng'ono anabwera yekha, chifukwa zikhadabo zisanu si katundu wotumira wantchito. Anali atavala zoyera zamaliro, koma nthanga zake anali nazo m'dzanja.

"Bambo atisiya m'mawa uno," anatero akulowa. "Akusambitsidwa panopa. Zatha?"

Sanadikire yankho. Anawerama pa mkanjowo n'kuyamba kuwerenga ndi chikhadabo chake chachitali. "Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Ha! Taonani zimenezo! Ngati sizinachokepo n'komwe. Ndinawauza mayi kuti amisiri enieni akadalipo, kungoti akutha. Anyamata a masiku anowa ndi akuba okhaokha." Anatembenukira kwa Fugen. "Mayi akandifunsa ndikawauze ndi mawu anu, madala. Palibe utoto apa, eti?"

Ashui anali ataima pafupi ndi khomo, maso ali pansi. Fugen ankadziwa kuti akanena zoona, a Pang sapita kubwalo la milandu, chifukwa mlandu wa zikhadabo ungawagwere iwo omwe. Anthu otere amangotuma amuna anayi ndi ndodo, ndipo zala za Ashui sizikanagwiranso kabwato. Khoswe wa pamkhate sapheka. Fugen anameza chimene chinali m'kamwa mwake.

"Palibe, bwana."

"Ndinadziwa ine. Tao Wopanda Utoto!" Pang wamng'ono anamusisita paphewa ndi dzanja lonona la nthanga, n'kupinda mkanjowo yekha, kuuponya m'bokosi, ulendo.

Phokoso la machila litazimirira, Yindi anali akadanyamula nyama yake pa kachingwe, osadziwa poiika.

"Wandinamitsa," anatero Fugen. "Zaka makumi asanu sindinanamepo za nsalu. Lero ndanamira maliro."

"Masiku asanu ndi awiri, bambo. Zikhadabo makumi atatu kudza zisanu ndi chimodzi. Inuyo chimodzi chinakutengerani masiku atatu. Ndinachotsa zigamba zija, n'kudzaza bwinobwino ndi ulusi umodzi, zotsalazo ndinajambula. Mumafuna ndichite bwanji?"

"Ukanandiuza."

"Mukanavomera?"

"Ndikanabweza ntchitoyo."

"Kwa a Pang? Munaivomera ndinu, ine kunalibe."

Fugen anamenya tebulo. "Usandiyankhe ngati mnzako, iwe! Dzina limene ndalisunga moyo wanga wonse walipaka guluu wa nsomba tsiku limodzi!"

Ashui anatukula mutu. Sanakweze mawu, ankaoneka wotopa basi.

"Tsiku limodzi, bambo?"

"Ashui, khala chete," anatero Yindi.

"Ayi mayi, amve. Ndatopa nako kutseka chitseko." Anayang'ana bambo ake m'maso, maso amene sankamuona bwino. "Chaka chimene ng'ala inayamba, oyang'anira anandiitana. Anati nyumba zina zonse zikupereka mkanjo miyezi isanu ndi iwiri, a Tao okha zaka ziwiri. Anati tikapitiriza choncho adzatenga kathabwako n'kupatsa ena. Sindinakuuzeni. Ndinagula kaburashi. Kathabwako kakhala m'chiuno mwanu zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha kaburashi kanga."

Fugen anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pansi. Ife amene tinkamva kudzera pakhoma la nsungwi tinkayembekeza kuti akuwa. Sanakuwe.

"Mkanjo wofiirira uja, wa mkazi wa mfumu?"

"Mitambo yonse."

"Nanga wachikasu uja? Wa dzuwa ndi mwezi pamapewa?"

"Mitambo, ndi mamba a zinjoka. Chithunzi cha nkhwangwa cha m'chiuno chija nachonso."

"Ndinauyamikira umene uja."

"Munati ukuposa yanu."

"Koma ndinkanyambita," anatero Fugen, mawu ake atachepa. "Uliwonse ndinkanyambita, iwe uli pomwepo."

"Pamene ndinkakulozerani ndinkawomba ndithu, bambo. Malo okwana chikhatho, ndinkawasiyira inuyo. Ndinkawomba bwino kwambiri, chifukwa ndimatha. Lero sindinasiye. Sindinaganize kuti mungaike lilime pa chinthu chonyansa chija."

Mkuluyo anatembenukira kwa mkazi wake. "Iwe unkadziwa?"

Yindi anapachika nyama ija pa msomali, n'kupukuta manja m'malaya. "Guluu ankatenthetsera pamoto panga," anatero.

Fugen anapempha madzi. Yindi anamupatsa m'mbale, ndipo anachukucha m'kamwa n'kulavulira pakhomo. Anachukuchanso kachiwiri, kachitatu, mpaka madzi anatha. Kenako anayendetsa dzanja patebulo mpaka linapeza kathabwa kaja, n'kukakankhira mbali imene mwana wake anaima.

"Tenga."

"Bambo, ine sindinafune kuti..."

"Tenga, iwe. N'kako kalekale. Ine ndinkangokusungira."

Ashui anadikira pang'ono kuti mwina bambo ake anenanso kanthu. Ataona kuti palibe, anakatola n'kukamanga m'chiuno, ndipo masana omwewo anakwera nako bwato kupita ku Suzhou kukalandira silika wa mkanjo wina.